Kupha Nthata Popanda Kupha Mlonda wa Nkhokwe

Mwezi wa Julayi chaka chatha, tili pakati pa phunziro la kasungidwe ka zokolola, bambo ena a m'gulu la alimi amene amabwera kudzaphunzira pano anafika mochedwa, atamangirira thumba kumbuyo kwa njinga. M'thumbamo munali mphaka wamkazi. Thupi lake lonse linkanjenjemera, makutu akugwedezeka okha, dovu likuchucha kukamwa.

Titawafunsa, anafotokoza mosabisa. Dzulo lake madzulo anapopera ng'ombe zawo mankhwala a nkhupakupa, ndipo ataona kuti mumpope mwatsala madzi pang'ono, anakumbukira mphaka wawo amene kwa milungu ingapo ankangodzikanda usana ndi usiku. Anamugwira, namunyowetsa msana ndi mimba. Tinamusambitsa ndi sopo, tinamufunditsa, tinatumiza uthenga kwa mlangizi wa ziweto, koma dzuwa lisanalowe mphakayo anafa. Anasiya ana 4 a milungu 3 yokha, nawonso odzaza nthata, ndipo awiri mwa iwo sanathe sabata. Pofika mu Okutobala, bambo aja anatiuza kuti makoswe aboola matumba a chimanga chimene ankati chiwafikitsa ku zokolola zina.

Sitikulemba izi kuti tiwanyoze, ndipo iwo eni ake anatilola kuti tizifotokoze. Ambiri mwa ife tikanachita chimodzimodzi, chifukwa nzeru yake imaoneka yowongoka: mankhwala opha nkhupakupa sangalephere kupha nthata. N'zoona, amapha. Koma akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nthata imene ili pa mphaka ili pamkhate, ndipo woimenya mosaganiza amaswa mkhatewo.

Mlonda wosalipidwa

M'midzi ya kuno ku Rufunsa, kaya kwa mfumu Mpanshya, kwa Shikabeta kapena kwa Bunda Bunda, mphaka, amene ena timamutcha chona kapena pusi, sawerengedwa m'gulu la ziweto. Sagulitsidwa, salipirira mwana sukulu, ndipo akafa palibe amene amadandaula nthawi yaitali. Komatu ntchito yake imaoneka m'nkhokwe. Makoswe amadya chimanga ndi mtedza, amaipitsa chotsalacho ndi mkodzo ndi ndowe zawo, amaluma matumba, amaba mazira ndi anapiye. Kafukufuku amene anachitika m'midzi ya ku Swaziland, dziko limene lero limatchedwa Eswatini, ndi kufalitsidwa mu 2017, anapeza kuti pakhomo pamene pali mphaka ndi galu pamodzi makoswe amaopa kutuluka kukafuna chakudya. Mlimi wotaya mphaka wataya mlonda amene safuna malipiro, ndipo m'malo mwake ayamba kugula poizoni wa makoswe, amene amaikanso ana, nkhuku ndi agalu pangozi.

Choncho mafunso ndi awiri, ndipo sayenera kulekanitsidwa. Kodi nthata zimawononga chiyani tikazilekerera? Nanga tingaziphe bwanji mphakayo n'kukhalabe moyo?

Zimene mukuona ndi zochepa

Nthata imene imapezeka kwambiri pa amphaka ndi agalu, akatswiri amaitcha Ctenocephalides felis. Yaikazi ikangoyamwa magazi, pakapita tsiku limodzi kapena awiri imayamba kuikira, ndipo ikhoza kuikira mazira 40 mpaka 50 patsiku. Mazirawo samata paubweya. Amagwera pansi paliponse pamene mphaka wagona: pathumba lakale, kuseri kwa chitseko, pansi pa nkhokwe, m'ming'alu ya pansi pa nyumba. Pakapita masiku ochepa amaswa timphutsi toyera timene timathawa kuwala, n'kumadya zitosi za nthata zazikulu, zimene kwenikweni ndi magazi ouma. Kenaka kamphutsi kalikonse kamadzikulunga m'kachikwa kokutidwa ndi fumbi. Kukakhala kofunda ndi kwachinyezi, ulendo wonse kuchokera ku dzira kufika ku nthata yoluma umatha m'milungu 2 kapena 3. Koma nthata ya m'kachikwa ikhoza kudikira miyezi ingapo kufikira itamva kutentha kapena mgugu wa chamoyo chodutsa. N'chifukwa chake munthu akatsegula nyumba imene yakhala yotseka nthawi yaitali, miyendo yake imadzaza nthata nthawi yomweyo.

Akatswiri amayerekeza kuti pa 100 zilizonse za pakhomo, pafupifupi 5 zokha ndi zimene zili pathupi pa chiweto. Zina 95 zili pansi monga mazira, mphutsi ndi zikwa. Apa m'pamene bambo aja, pamodzi ndi ambiri a ife, timalakwitsa: mphamvu zonse timaziika pa mphaka, pamene adani ochuluka ali m'dothi.

Kuti mudziwe ngati mphaka ali ndi nthata, muimikeni pa pepala loyera kapena nsalu yoyera yonyowa, mupese ubweya wa pamsana pafupi ndi mchira. Mukaona timadontho takuda tikugwa, n'kusungunuka kukhala tofiira, zimenezo ndi zitosi za nthata.

Kuopsa kwa kulekerera

Nthata yaikazi imatha kuyamwa patsiku magazi olemera kuwirikiza pafupifupi ka 15 kulemera kwa thupi lake. Kwa mphaka wamkulu wathanzi, nthata zochepa zimangomusowetsa mtendere. Koma mwana wa mphaka wa milungu yochepa ali ndi magazi ongokwana masipuni ochepa, ndipo nthata zikamuchulukira magaziwo amatha msanga. Mutsegulireni kukamwa muone nkhama zake. Zikakhala zotuwa kapena zoyera m'malo mofiirira, mwanayo akuzizira ndipo safuna kuyamwa, ndiye kuti imfa ili pafupi. Nthata za mtundu womwewu zikakhazikika m'khola zimafooketsa ndi kupha ana a mbuzi, a nkhosa ngakhale a ng'ombe.

Amphaka ena thupi lawo limadana ndi malovu a nthata, moti kulumidwa kochepa kumabweretsa nkhanambo pakhosi ndi pamsana, ubweya n'kusosoka. Palinso nyongolotsi ya m'matumbo yotchedwa Dipylidium caninum. Mphutsi za nthata zimadya mazira ake, ndipo mphaka akameza nthata podzinyambita, nyongolotsiyo imakulira m'mimba mwake. Tizidutswa take timaoneka ngati njere za mpunga pansi pa mchira kapena pogona pake. Mwana wa munthu wokwawa pansi akameza nthata mwangozi akhozanso kuitenga. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma nthata zikapanda kutha, nyongolotsi imabwereranso.

Zitosi za nthata zimene zimakanirira m'zikhadabo za mphaka zimanyamulanso kachilombo kotchedwa Bartonella henselae. Munthu akakandidwa, pakapita sabata kapena kuposerapo akhoza kutupa mwanabere ndi kumva thupi kutentha. Kwa ambiri zimatha zokha, koma kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika zikhoza kufika poipa. Bala la mphaka lizitsukidwa ndi sopo nthawi yomweyo.

Kutsidya kwa mlatho

Pali nkhani ina yaikulu kuposa zonsezi, ndipo si yakutali. Mu 2015, kuyambira mu Marichi mpaka mu Meyi, m'boma la Nyimba, kutsidya kwa mlatho wa Luangwa, munabuka mliri wa makoswe. Mu 1997 unabuka ku Namwala m'chigawo cha kummwera, ndipo m'chigwa cha Luangwa unalembedwapo kale mu 1917. Matendawa amayamba ndi kachilombo kotchedwa Yersinia pestis, kamene Alexandre Yersin anakatulukira ku Hong Kong mu 1894. Patapita zaka 4, mu 1898, Paul-Louis Simond anasonyeza kuti nthata ndi imene imakanyamula kuchokera kwa khoswe.

Tinene mosamala apa. Yofalitsa kwambiri mliriwu ndi nthata ya khoswe, Xenopsylla cheopis, ndi zinzake za pa mbewa zakutchire. Nthata ya mphaka siikwanitsa bwino ntchito yoipayi. Koma mphaka ndi mlenje. Amalowa kumene kuli makoswe, amawagwira, amawadya, ndipo nthata zawo zimamukwera n'kufika nazo pamphasa pamene ana amagona. Iye mwini amadwalanso mliriwu mosavuta, ndipo ku America anthu ena anautenga kwa amphaka odwala. Mphaka wopanda nthata amatchinjiriza banja kwa makoswe. Wodzaza nthata akhoza kukhala njira yolowera matenda m'nyumba.

Zizindikiro kwa munthu zimayamba pakapita tsiku 1 mpaka masiku 7: kutentha thupi mwadzidzidzi, mutu, kuphwanya m'thupi, ndi mwanabere wopweteka kwambiri m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi. Poyamba zimafanana ndi malungo, ndipo munthu akhoza kukhala ndi zonse ziwiri nthawi imodzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati mtundu wa anabere ukapanda kuchizidwa umapha odwala 30 mpaka 60 pa 100 alionse, koma umachizika ndi mankhwala a kuchipatala munthu akafika msanga. Mwana akatentha thupi ndiponso watupa mwanabere, musadikire. Pitani naye kuchipatala chaching'ono chapafupi kapena ku St Luke's ku Mpanshya, ndipo mukafotokoze ngati pakhomo pakhala pakufa makoswe.

Pa mfundo yomweyi pali lamulo limene azaumoyo amalitsatira kulikonse: yambani mwapha nthata, makoswe pambuyo. Khoswe akafa thupi lake limazizira, ndipo nthata zimamuchoka kukafuna magazi ofunda. Wothira poizoni wa makoswe m'nyumba yodzaza nthata amazitumiza kwa mphaka, kwa galu ndi kwa ana ake. Makoswe kapena mbewa zikayamba kufa zokha popanda chifukwa, musazigwire ndi manja. Nyamulani ndi fosholo, tenthani kapena kwirirani mozama, letsani anyamata kukumba mbewa m'dera limenelo, ndipo dziwitsani azaumoyo tsiku lomwelo.

Mphaka si ng'ombe yaing'ono

Tsopano tibwerere ku thumba lija. N'chifukwa chiyani madzi amene ng'ombe inawapirira anapha mphaka? Zifukwa zake ndi zitatu. Choyamba ndi msinkhu: ng'ombe ya makilogalamu 300 imalemera kuwirikiza ka 100 mphaka wa makilogalamu 3. Chachiwiri ndi khalidwe: mphaka amatha maola ambiri akudzinyambita, choncho chilichonse chimene chili paubweya chimathera m'mimba. Chachitatu chili m'chiwindi. Chiwindi cha galu, cha ng'ombe ndi cha munthu chili ndi njira yosinthira poizoni wa mitundu ina kuti atuluke ndi mkodzo. Kwa mphaka njira imeneyi ndi yofooka mwachibadwa, moti poizoni amakhalitsa m'thupi n'kuyamba kusokoneza ubongo ndi mitsempha.

Pachifukwa chimenechi, zinthu izi zisakhudze mphaka ngakhale pang'ono.

Mankhwala a dibi ndi opopera ng'ombe poteteza chigodola ndi matenda ena a nkhupakupa. Ambiri ali ndi amitraz, cypermethrin, deltamethrin kapena chlorfenvinphos. Kusungunula ndi madzi ambiri sikuwasandutsa mankhwala a mphaka.

Mankhwala a nthata a galu, makamaka odontheza pakhosi amene ali ndi permethrin wamphamvu. Awa ndi amene apha amphaka ambiri m'mayiko amene anthu amagula mankhwala a ziweto za m'nyumba. Kachubu kamodzi ka galu wamng'ono kakwanira kupha mphaka wamkulu. Ngakhale mphaka wongogona pamodzi ndi galu wothiridwa kumene, kapena womunyambita, akhoza kudwala. Alekanitseni kwa masiku 3.

Fumbi loteteza chimanga kwa anankafumbwe, monga Actellic Super, amene ali ndi pirimiphos-methyl ndi permethrin. Ntchito yake ndi ya m'thumba la chimanga, ndipo opanga ake sanalembe kuti lizithiridwa pa chiweto. Chimodzimodzi mankhwala a thonje, a tomato ndi a mbozi za m'chimanga.

Mankhwala otsukira m'makola ndi m'zimbudzi, aja amasanduka oyera ngati mkaka akathiridwa m'madzi. Ambiri ali m'gulu limene chiwindi cha mphaka sichingathe kulichotsa. Palafini, dizilo ndi oilo wakutha zimawotcha khungu ndi kuwononga mapapo.

Za m'munda nazonso si zonse zofatsa. Madzi a fodya ali ndi poizoni wamphamvu wolowa kudzera pakhungu. Mthuthu, umene alimi ena amapopera nawo ng'ombe, ndi womwe uja umaledzeretsa nsomba, ndipo chiweto chodzinyambita chisauyandikire. Adyo ndi anyezi zimaphwanya magazi a mphaka, amene nthata zawachepetsa kale. Ndipo mphaka akaoneka wodwala musamupatse paracetamol, uja timamutcha panado: piritsi limodzi likhoza kumupha.

Mankhwala oyenera

Mankhwala opangidwira amphaka alipo, ndipo akagwiritsidwa ntchito motsatira malangizo ngozi yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi kuopsa kwa nthata. Odziwika ndi amene ali ndi fipronil, imidacloprid kapena selamectin, amene kawirikawiri amathiridwa kamodzi pamwezi, ndi fluralaner amene amagwira ntchito milungu 12. Amapezeka kwa madokotala a ziweto ndi m'masitolo ovomerezeka a mankhwala a ziweto, makamaka ku Lusaka. Kumeneko kulinso chipatala cha ziweto cha sukulu ya Samora Machel pa University of Zambia, m'mbali mwa msewu wathu womwewu wa Great East. M'dziko lathu mankhwala a ziweto amayang'aniridwa ndi ZAMRA, ndipo ophera tizilombo ndi ZEMA. Mankhwala ogulitsidwa m'timabotolo ndi m'timapepala topanda dzina pamsika sanadutse kulikonse, ndipo ngakhale wogulitsayo sangakuuzeni zimene zili m'kati.

Pogula, werengani kuti alembapo mphaka. Dzina lofanana lisakupusitseni, chifukwa kampani imodzi ikhoza kupanga wa galu ndi wa mphaka m'mabokosi ooneka mofanana. Yezani kulemera kwa mphakayo pa sikelo yomwe timayezera mbewu. Patulani ubweya kumbuyo kwa mutu, pamene lilime silifika, ndipo dontheza pakhungu penipeni. Musaphatikize mitundu iwiri, musabwereze nthawi isanakwane, ndipo sambani m'manja. Ambiri mwa mankhwala odontheza saloledwa kwa ana osakwana milungu 8. Za mphaka wodwala, wa bere kapena woyamwitsa, funsani kaye mlangizi. Safunsa anadya phula.

Chenjezo lomweli limayang'ananso mbali ina: choyenera mphaka chikhoza kupha chiweto china. Fipronil amapha akalulu, njuchi ndi nsomba, choncho kachubu kakutha kasatayidwe pafupi ndi ming'oma kapena dziwe. Saloledwanso pa nkhuku. Mu 2017 mazira mamiliyoni ambiri anachotsedwa m'masitolo ku Ulaya zitadziwika kuti fipronil anagwiritsidwa ntchito m'makola a nkhuku ku Netherlands ndi ku Belgium. Utitiri wa nkhuku, uja umamatirira m'maso ndi palipombo ndipo nthawi zina umafika m'makutu a mphaka, uli ndi njira zake zimene mlangizi wa ziweto angakuuzeni.

Tikudziwa kuti si banja lililonse lingakwanitse kugula mankhwalawa mwezi ndi mwezi. Makomo oyandikana akhoza kusonkherana, kutuma munthu mmodzi, n'kuthira amphaka awo tsiku limodzi kumayambiriro kwa mvula, pamene nthata zimaswana kwambiri. Koma ngakhale wopanda ndalama ali ndi zambiri zimene angachite, popeza 95 zija zili pansi.

Ntchito ya tsache, madzi otentha ndi dzuwa

Sesani tsiku lililonse pamene mphaka, galu ndi ana a mbuzi amagona, ndipo zinyalalazo zitenthedwe. Kuziunjika kuseri kwa nyumba n'kungosamutsa mazira. Matumba ndi nsanza zogonera aviikidwe m'madzi owira kamodzi pasabata ndi kuyanikidwa padzuwa, ndipo zothaitha zitenthedwe. Mphutsi za nthata sizipirira kuuma ndi kutentha, n'chifukwa chake m'chilimwe zimabisala m'mithunzi: pansi pa nkhokwe, m'khola, kuseri kwa mitsuko. Thirani madzi otentha m'malo amenewa, chotsani manyowa akale, ndipo zirani pansi pa nyumba kuti ming'alu itsekeke.

Kwa ana a mphaka, chida chabwino ndi chipeso cha mano othinana, chonga chija chochotsera nsabwe. Pesani m'mawa ndi madzulo, nthata iliyonse muiponye m'madzi a sopo. Zikachuluka, musambitseni mwanayo m'madzi ofunda pang'ono ndi sopo wofatsa, kuyambira m'khosi kutsika kuti nthata zisathawire kumaso, kenaka mupukuteni msanga ndi kumubwezera kwa make, chifukwa kuzizira kumapha ana amenewa mofulumira ngati nthata zomwe.

Musaleke pakati. Zikwa zimapitiriza kutulutsa nthata zatsopano, ndipo ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti mankhwala sanagwire ntchito, n'kuthamangira ku dibi. Ntchitoyi imafuna miyezi 3 yosadukiza, ndipo galu ndi mphaka azisamalidwa nthawi imodzi, aliyense ndi mankhwala ake.

Ngozi ikachitika

Zizindikiro za poizoni zimaoneka pakapita maola ochepa, nthawi zina tsiku lotsatira: kunjenjemera, kuchucha dovu, kuyenda dzandidzandi, kusanza, kugwa ngati wakhunyu, kapena kugona osadzuka thupi litazizira. Valani mapepala apulasitiki m'manja, mumusambitse ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wotsukira mbale, mutsukuluze bwino, mumupukute ndi kumuika pamalo amdima opanda phokoso. Madzi asatenthe, chifukwa kutentha kumathandiza poizoni kulowa pakhungu. Ngati wayamba kale kugwa, musamumize m'madzi. Mukulungeni m'nsalu, muthamangire thandizo. Musamumwetse mkaka, mafuta kapena madzi a mchere, pakuti chiweto chonjenjemera chimatsamwa, zamadzizo n'kulowa m'mapapo. Tengani botolo la mankhwalawo popita kwa dokotala kapena mlangizi wa ziweto. Poizoni wina ali ndi jakisoni womubweza, wina alibe ndipo dokotala amangoletsa kugwako kufikira thupi litadziyeretsa, choncho dzina la mankhwala ndi limene limamuuza chochita. Amphaka ambiri amene afika msanga amachira.

Ana awiri aja amene anatsala tinawalera pano ndi chipeso, madzi ofunda ndi kabotolo. Mmodzi anabwerera kwa bambo aja atakwanitsa miyezi 3, winayo akulondera nyumba yathu yosungiramo mbewu. Bambowo atabweranso kumaphunziro a chaka chino anatiuza kuti madzi otsala mumpope tsopano amawathira m'dzenje limene anakumba kutali ndi chitsime, ndipo pakhoma la khola analembapo ndi khala kuti dibi ndi wa ng'ombe basi. Amene mukubwera ku phunziro lotsatira la kasungidwe ka zokolola, tengani mabotolo ndi mapaketi onse a mankhwala amene muli nawo kunyumba, odzaza ndi akutha omwe, atatsekedwa bwino ndi kukulungidwa m'pulasitiki. Tidzawerengera limodzi zolembedwapo, kuti aliyense abwerere akudziwa chimene chili cha ng'ombe, cha chimanga, cha galu ndi cha mphaka.